Amdala a ku Kalingalinga anandikonzera galaja kukhala malo opalira matabwa, nayi mmene ndaionera ntchito yawo

Papita miyezi 6 chimalizireni ntchito amdala aja pakhomo panga, ndiye ndaona kuti manje ndingathe kulankhula za iwo mosakokomeza, paja chinthu ukachiyamikira tsiku lomwe wachilandira umakhala udakali ndi chimwemwe chabe usanachiyese. Mvula yabwera yapita, ndagwiriramo ntchito pafupifupi Loweruka lililonse, zabwino ndaziona zoipa ndazionanso. Anthu angapo amene anafika kunyumba n'kusuzumira m'galaja akhala akundifunsa kuti kodi munaitana kampani? Ayi si kampani, ndi munthu mmodzi, kalipentala wachikulire amene ali ndi kashedi kake ku Kalingalinga muno mu Lusaka, chakufupi ndi Alick Nkhata Road kumene mumaona mabedi, mageti ndi mafelemu a zitseko atandandalikidwa m'mbali mwa msewu kuja. Dzina lawo ndilisunga, iwo sakonda zotchulidwatchulidwa.

Ine ndimakhala ku Chelstone, ntchito yanga ndi ya mu ofesi, zamatabwa ndimapanga Loweruka ndi madzulo ndikaweruka msanga. Chikondi chake ndinachitengera kwa agogo anga ku Katete, iwo anali kalipentala wa mudzi wonse, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mlombwa, uwu kuno timautchula mukwa, ndimawaona ali pansi pa mtengo wa mango ndi puleni yawo. Galaja yanga ndi ya mamita 3 m'lifupi ndi 5 ndi hafu m'litali, galimoto inasiya kalekale kugonamo. Koma mmene munalili m'katimo abale. Zida zina m'saka la ufa, zina m'chidebe cha penti, matabwa pansi pa simenti ataunjikana ndi zidutswa, malaiti ndimakoka ndi ekisitenshoni imodzi kuchokera kukhitchini kudzera pawindo. Ntchito ya ola limodzi imanditengera maola atatu chifukwa theka la nthawi ndimakhala ndikufunafuna sikweya kapena pensulo.

Chimene chinandidzutsa ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka 6. Analowa wopanda nsapato kudzandiuza kuti nsima yapsa, n'kuponda kathabwa kamene kanali ndi msomali utayang'ana kumwamba. Kulira kwake sindidzakuiwala. Tinathamangira naye kukiliniki, anamutsuka bala n'kuonanso khadi lake la katemera chifukwa cha kafumbata, mwamwayi bala silinali lakuya. Pobwerera amake anangonena mawu ochepa, anati inu, kaya mukonza m'menemo kaya mutseke ndi loko, koma mwana wanga asadzapondenso msomali pakhomo pake pomwe. Analondola, ndipo sabata yomweyo ndinayamba kufunsa anthu. Mnzanga wa kutchalitchi ndi amene anandilozera kwa amdalawa, anati anamukonzerapo kashopu kake.

Tsiku loyamba limene anabwera, unali mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ine ndinali nditayala zida zanga zonse pansi kuti aone, komanso m'foni ndinali ndi zithunzi za pa YouTube za mashopu a azungu aja owala ngati chipatala. Sanayang'ane ngakhale chimodzi. Anandifunsa kuti thabwa lalitali kwambiri limene uli nalo ndi liti? Ndinawapatsa la paini la mamita 4. Analinyamula paphewa, n'kutuluka nalo panja, n'kulowanso nalo pakhomo la galaja pang'onopang'ono ngati munthu amene wangochoka kokagula, anayesa kutembenuka nalo likugunda khoma, anayesa kulitsitsa likukola njinga, kenako analiika pansi n'kunena kuti mwanawe, mwini chipinda chino si iwe ayi, ndi thabwali, likamayenda bwino lokha iwenso uyenda bwino. Atatero anatulutsa choko m'thumba n'kuyamba kujambula pansi. Apa posungira matabwa, pafupi ndi khomo kuti usamadutse nawo chipinda chonse. Apa podulira, pakhomo pomwepo kuti utuchi uzitulukira kunja ndipo thabwa likatalika mbali ina izitulukira panja. Apa benchi. Uku kumapeto kopakira vanishi ndi kosungira zomalizidwa. Pakati anasiya njira yoti munthu adutse atanyamula chinthu osapendeka.

Ndiye anandiuza kuti ndisagule kanthu, ndisakhome msomali, ndiike makatoni ndi mipando pamene pajambulidwapo ndigwire ntchito sabata yathunthu motsata chokocho, pamene pandivute ndifute ndijambule pena. Kunena zoona tsiku limenelo ndinakhumudwa, ndimayembekeza kuti tiyamba kukhoma. Koma m'sabata imeneyo ndinapeza kuti pamene tinaika benchi, chitseko chaching'ono cholowera kunyumba chimagunda chikatseguka, ndipo tinaisuntha ndi phazi kufuta choko basi, pamene ikanakhala benchi yeniyeni yolemera ija bwenzi tikuvutika. Pa zonse zimene anandichitira, ichi cha choko ndi chimene ndimachiona kuti ndalama zanga zinagwira ntchito.

Windo la galaja yanga layang'ana kumadzulo, ndiye masana dzuwa limalowa mwaukali. Ine maganizo anga anali oika benchi pansi pa windo penipeni, iwo anakana, anati dzuwa lizikuthobwa m'maso ndipo guluu aziuma usanamalize kulumikiza. Anaiika kukhoma la m'mbali kuti kuwala kuzibwera cha kumanzere kwanga poti ndimagwira ndi dzanja lamanja, choncho mthunzi wa dzanja sugwera pamzere umene ndikudula. Kanthu kakang'ono koma ndimakathokoza tsiku lililonse ndikamalemba ndi pensulo.

Benchiyo ndiye panali nkhani. Kutalika kwake sanatenge m'buku, anandiimika chilili manja ali pansi n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa kafupa ka pamkono apa pamene timavala wotchi, zinakwana masentimita 86, anati ikatalika kuposa apa puleni uzikankha ndi mapewa m'malo mwa thupi lonse, ikafupika msana udzakuuza. Ine ndimafuna pamwamba pake pakhale mukwa kuti izioneka bwino. Anandiyang'ana n'kunena kuti mukwa ndi wa mipando yokhalira alendo, benchi ndi yomenyedwa, tiika paini, ndi wotchipa komanso ndi wofewa ndiye ntchito yako ikagundapo imapweteka ndi benchi osati ntchitoyo. Anadula matabwa a paini n'kuwaimika cham'mbali, kuwamata ndi guluu limodzi limodzi mpaka pamwamba panakhala pochindikala ngati chipika, miyendo ya mamilimita 100 kwa 100 yolowetsana m'mabowo osema ndi tchizulo, misomali ayi. Ukamapala sigwedezeka olo pang'ono. Vaisi, chitsulo chopanira thabwa pabenchi, anandipezera yakale yachitsulo cholemera kwa mnzawo, tinangoitsuka ndi palafini n'kuipaka girisi.

Matabwa tinakagula limodzi kumsika wa Buseko, ndipo ngati mudzawaitane amdalawa, chonde pitani nawo kumsika, musawatume chabe, muphunzira zambiri. Paini wambiri amene timagula muno mu Lusaka amachokera ku Copperbelt, kuminda ya kampani yodzala mitengo ya ZAFFICO ndi ya anthu ena, mitengo yolimba ngati mukwa ndi mukusi yambiri imachokera cha ku Western, ndipo matabwa ambiri amafika akadali ndi madzi, si chinsinsi, ogulitsa ena amakuuza okha ukafunsa. Iwo thabwa lililonse amayamba alinyamula kumva kulemera, kenako amaliika kumapeto pa diso limodzi kuyang'ana ngati lapindika kapena lapotoka, kenako amaligogoda ndi chala, louma limalira mowala, lonyowa limangoti phi. Chimene chinandidabwitsa, amaligunditsa patsaya. Anati lauwisi limazizira ngati botolo la madzi. Ndinayesa nanenso, ndi zoona, kusiyana kumamveka. Pa matabwa oposa 30 amene tinagwira tinatenga 12, mnyamata wogulitsa anayamba kutopa nafe koma amdala anamuseketsa mpaka anatichotserako mtengo.

Posungira matabwa anakhoma mikono yachitsulo kukhoma, itatu mulingo umodzi, yoyamba ili masentimita 40 kuchokera pansi. Palibe thabwa limene limagona pa simenti kapena kutsamira khoma. Chifukwa chake nonse mukuchidziwa, chiswe. Chiswe cha ku Chelstone chimatulukira ngakhale pa mng'alu wa simenti woti sungalowetse chikhadabo, ndipo chimayenda mobisala m'kanjira kake ka dothi, ndiye pansi pakakhala poyera umakaona kanjirako tsiku lomwe kayamba n'kukaphwanya. Anandiuza kuti Loweruka lililonse ndisanayambe ntchito ndizizungulira ndi tochi m'makona. Mvula yonseyi ndapeza tinjira tiwiri, tonse tisanafike pa thabwa. Pakati pa matabwa amaika timitengo topyapyala kuti mphepo izidutsa, ndipo timitengoto tiyenera kukhala mzere umodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, tikasemphana thabwa limapindika likamauma. Zidutswa zazifupi anazipangira kabokosi kamodzi, n'kundilamula kuti kakadzaza zotsalazo zipite kumbaula, osayamba bokosi lachiwiri. Lamulo limeneli limandiwawa koma ndikulisunga.

Khoma la zida analipanga mwanzeru yosavuta. Anatenga thabwa n'kulicheka m'litali mopendeketsa pa madigiri 45, chidutswa chimodzi anachikhomera kukhoma mlomo wake utayang'ana m'mwamba, chinacho chimakhala kumbuyo kwa kashelefu kapena chopachikira chilichonse mlomo utayang'ana pansi, ndiye zimangokolana, kulemera kwa chinthucho ndi kumene kumachigwira. Ukafuna kusintha umangonyamula n'kukakoleka pena, osaboolanso khoma. Pamene pamakhala sowo, hamala, sikweya ndi makilampu anajambulapo chithunzi chake ndi penti yakuda, chida chikachoka pamatsala mthunzi wake, madzulo ukamatseka umangoponya diso n'kudziwa kuti hamala sinabwerere. Aneba obwereka zida nawonso ndimawakumbukira chifukwa cha mithunzi imeneyi. Matchizulo, mipeni ndi zonse zakuthwa zili m'kakabati kokhala ndi loko, m'mwamba moti mwana olo atakwera pampando safikira, ichi ndinachita kupempha ine ndipo iwo anati ndi chimene amayenera kuyambira.

Za malaiti anakana kugwira, ndipo apa anandipatsa ulemu waukulu. Anati ine ndine wa matabwa, itana wa magetsi wa mapepala ake. Koma anamulozera pofunika masoketi, anayi a pawiri, onse m'mwamba kupitirira benchi kuti waya asamakwawe pansi. Wa magetsiyo ndi amene anandifotokozera chifukwa chimene ekisitenshoni yanga imatenthera. Malaiti athu ndi 230 volts, pulagi ya mano atatu ija fyuzi yake yaikulu ndi 13 amps, ndiye kuchulukitsa zimakwana pafupifupi mawati 3,000 basi. Sowo yanga yamagetsi ndi ya mawati 1,400, ndipo ekisitenshoniyo imachokera pamalo amodzi ndi ketulo ya mawati 2,000, amake ana akangoteleka tiyi ine ndikudula ndiye kuti tapitirira kale. Manje galaja ili ndi buleka yakeyake, ndi ija imadula yokha malaiti akayamba kudutsa polakwika.

Komanso amdala anaumirira kuti malowa azigwira ntchito olo malaiti kulibe. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, mmene timakhalira pafupifupi tsiku lonse opanda malaiti, akabwera pakati pa usiku. Anati anyamata ambiri ku Kalingalinga chaka chimenecho amangokhala pansi kudikira, iwo amapitiriza ndi sowo yamanja ndi puleni. Ndiye anachotsa lata limodzi padenga n'kuikapo loonekera lija, limodzi lokha, anati awiri ukazinga mutu mu Okutobala. Masana sindiyatsa getsi. Pakona anandipangira kamalo konolera, mwala uli m'kabokosi kake kosasuntha, ndipo anakhala nane ola lathunthu kundiphunzitsa kunola tchizulo ndi mpeni wa puleni. Mabuku amati madigiri 25 kenako 30 kunsonga, iwo amangoona ndi maso, akamaliza amameta tsitsi la pamkono kukuonetsa. Ine ndikugwiritsabe kachitsulo kogwirira kaja, maso anga sanafikepo.

Manje zoipa, poti zilipo ndipo wina asadzati sindinanene.

Nthawi sasunga. Akati ndifika 08 hours, yembekezani 10 kapena 11. Foni yawo nthawi zambiri imakhala yozima kapena ili m'thumba la jekete limene lapachikidwa kwina. Loweruka lina sanabwere n'komwe, ndinadikira tsiku lonse nditapempha ndi mlamu wanga kuti adzathandize kunyamula, Lolemba ndi pamene ndinamva kuti anali kumaliro. Maliro ndi maliro palibe angatsutse, koma kauthenga kamodzi kakanakwana. Mtengonso salemba papepala. Tinagwirizana K2,800 ya manja awo, zipangizo zonse zanga, kuphatikiza thiransipoti ndi nsima ya masana, koma kakabati ka loko kaja ine ndimaona ngati kali momwemo iwo amaona ngati n'kapadera, ndiye kumapeto panali kakusamvana mpaka ndinawonjezera K400. Sindikuti anandibera ayi, ntchito yake inali yoyenera ndalamayo, koma inu mukawaitana lembani zonse papepala tsiku loyamba muwawerengere, aliyense asunge lake.

Chimene ndinatsutsana nawo kwambiri ndi nkhani ya fumbi la utuchi. Iwo savala chotseka pamphuno, ndipo atandiona ndavala anati utuchi sunaphepo munthu, ndaupuma zaka 40. Apa sindinawagonjere ngakhale ndi akulu. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kuyambira 1995, makamaka ya m'mphuno, ndipo MDF, matabwa aja opangidwa ndi utuchi womatidwa, ndiye ili ndi guluu wake amene fumbi lake si lopuma. Utuchi waukulu umene umagwa pansi si umene ukuopsa, koma kafumbi kosalala kamene kamatsala m'mwamba ukamaliza sandipepa, kamene umakaona dzuwa likalowa pawindo. Iwo pulani yawo yonse ya fumbi inali tsache ndi kutsegula chitseko. Ndinachita kuwonjezera ndekha fani yokokera mpweya kunja pawindo, ndi vakyumu imene ndimalumikiza kumakina a sandipepa. Zotseka m'makutunso sazifuna, pamene iwo eni khutu limodzi silimva bwino, umachita kuwalankhulira mbali ya kumanja, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ndi munthu wanzeru. Tsiku lina anafuna kumanga buledi ya sowo pa girayindala kuti adule msanga, monga amachitira ambiri m'misewumu, ndinawapempha kuti pakhomo panga ayi. Girayindala imazungulira mothamanga kwambiri ndipo buledi ya mano ikakola m'thabwa chida chonse chimadumphira kwa munthu. Anang'ung'udza koma anamvera.

Pomwe pa moto anali osamala kuposa ine. Sindimadziwa kuti nsanza zopakira mafuta a matabwa aja a linseed oil ukaziunjika pamodzi zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, iwo ndi amene anandiuza, n'kundiikira chitini cha chivundikiro chokhala ndi madzi panja pa khomo. Thina yosungunulira penti ndi vanishi zili pansi m'bokosi lachitsulo kutali ndi masoketi, chozimira moto chili pakhomo penipeni osati m'kati kumapeto kumene sungafikeko moto utayamba.

Pa miyezi 6 imeneyi chimene chinalephera ndi shelefu imodzi. Anaipanga ndi chipboard, thabwa lija la tizidutswa tomatidwa ndi guluu, yotsala pofuna kundisungira ndalama, ndinaikapo zitini za penti, chinyezi cha Januwale chitabwera inagoba pakati ngati uta. Nditawauza, atayankha foni tsiku lachitatu, anabwera ndi thabwa la paini lawolawo n'kuisintha osandilipiritsa, anati kulakwa n'kwanga ndimadziwa kuti chipboard ndi mvula sizimvana. Dzimbiri linayambanso pa matchizulo ndi pansi pa puleni, mankhwala ake anandionetsa ndi kandulo wamba, kupaka pachitsulo n'kupukuta ndi nsanza, ndipo puleni imaterera bwino ukatero. Matayala a tebulo lodulira anathyoka awiri koma amenewo ndinasankha ndekha otchipa ku Kamwala iwo atandiuza kale kuti ndigule akuluakulu.

Ngati mukufuna malo onyezimira oti mujambule zithunzi, makabati ofanana mtundu ndi malaiti obisika, amdalawa si anu, mukangokangana. Ngati muli ndi kagalaja kapena kachipinda kuseli, zida zochepa, ndalama zochepa, ndipo mungapirire kudikira munthu mpaka 11 hours, ine ndikuti aitaneni. Sadzakugulitsani kanthu, ine mndandanda wanga wa zogula anaudula pakati, makina opalira amene ndimalota anati dikira kaye upange matebulo asanu ndi puleni yamanja ndiye udzadziwe ngati ukuwafunadi. Ndapanga awiri. Mwana wanga manje amalowa atavala nsapato, ali ndi kampando kake pafupi ndi khomo kuseri kwa mzere wachikasu umene amdala anapenta pansi, amakhala pamenepo ndi sandipepa akusalaza tizidutswa take, ndipo makina akamalira amadziwa kuti ayenera kutuluka.

Tsiku lija ku Buseko ndinagulanso matabwa anayi a mukwa, ndikufuna kudzawapangira amake ana tebulo lodyera. Amdala anawapaka penti yotsala kumapeto konse kuti asang'ambike, anawasanja pa mkono wa pamwamba ndi timitengo take, n'kulemba deti ndi choko pambali. Anati ndisawakhudze mpaka mphepo ya Ogasiti itawomba, adzabwera okha kudzawagunditsa patsaya.